Thumba la chimanga silitsokomola

Nyengo ya fodya ikafika, alimi ena kuno kwa Simlemba amandipeza ndi funso limodzi: "Aphunzitsi, tikagulitsa tigule galimoto yanji?" Amadziwa kuti ndimatha kuwaonetsa mitengo ya magalimoto a ku Japan pa foni. Ambiri mtima wawo uli pa minibasi kapena Sienta. Ine ndimayamba ndawakumbutsa za 2020.

M'bindikiro weniweni m'dziko muno sunachitike. Boma la a Peter Mutharika lidalengeza kuti uyamba pa 18 April kwa masiku 21, koma bwalo lalikulu la milandu lidapereka chiletso bungwe la HRDC litadandaula. Komabe malamulo ena adaluma. Sukulu zidatsekedwa pa 23 March, ndipo minibasi zidalamulidwa kuchepetsa anthu okwera. Mwini Hiace adapezeka akuthira mafuta omwewo, kulipira dalaivala ndi kondakitala omwewo, mipando ina ikuyenda yopanda munthu. Adakweza mtengo, okwera nawo adachepa. Ife aphunzitsi tinali pakhomo, ana a sukulu zogonera komweko osayenda, maukwati ndi misonkhano ya mpingo zitachepa. Amenewa ndiwo makasitomala a minibasi.

Koma fodya sadadikire mliri. Misika idatsegulidwa mu April momwemo, kungoti alimi sankaloledwa kudzaza mu okushoni ngati kale. Mlimi adatsala kunyumba, belo lake n'kupita ku Chinkhoma kapena ku Kanengo. Soya, mtedza ndi chimanga zinkafunikabe kutuluka m'midzi kukafika pa msewu wa M1. Wagolosale yemwe kale ankakwera yekha kukaoda shuga ndi sopo ku Kasungu boma adaphunzira kutumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, katundu n'kubwera ndi mnyamata wa Bongo. Amene ndidawaona akudya bwino chaka chimenecho ndi eni timalole ndi mapikapu, chifukwa palibe wapolisi adawerengapo matumba kuti akhale motalikirana.

Ngakhale ku Ulaya zidayenda chimodzimodzi. Ku Britain malonda a magalimoto ang'onoang'ono onyamula katundu adagweratu mu April 2020, koma sadachedwe kudzuka poti anthu otsekeredwa m'nyumba ankagula zinthu pa intaneti ndipo wina ankayenera kukawatulira pakhomo. Kwathu kuno intaneti yake ndi foni ya mabatani, koma nzeru ndi yomweyo.

Sindikunena kuti kalole ndi mgodi wa golide. Ntchito yake ndi ya nyengo: kuyambira April mpaka August simupuma, kenako kudikira feteleza. Mvula ikagwa misewu yathu yafumbiyi imadya masipuling'i ndi matayala, ndipo sipeya wina mumakamupeza ku Lilongwe. Galimoto yochokera ku Japan imadzera ku Dar es Salaam ndi pa Songwe, ndiye mtengo umene mukuuona pa foni si womaliza. Pali msonkho wa MRA, komanso kwacha ikagwa zonse zimakwera. Anthu amaiwala zimenezi akangoona chithunzi chonyezimira.

Ndipo minibasi ili kale ndi mdani wina amene lamulo la mipando silidamupweteke kwenikweni: njinga yamoto ya kabaza. Imakutengani pakhomo, sidikira kuti idzaze, ndipo imadutsa pomwe Hiace imatitimira. Mnyamata wina amene ndidamuphunzitsa Fomu 4 ali nazo ziwiri tsopano, ndipo akusunga ndalama za Bongo.