Kamba Woipa Amene Tipatsa Ana Opita ku Britain

Pali mau awiri amene ife a kumudzi tizolowera kumangira mwana m'phukusi pamene acoka kunka ku sukulu yaikuru ya kutsidya kwa nyanja. Oyamba tinena pamaso pa anthu onse, ndi kuti, "Kwa eni kulibe mkuwe, ukaweramitse mutu, usakayankhe munthu." Aciwiri tinong'oneza ali pafupi kukwera galimoto, ndi kuti, "Usakatiiwale. Ukangofika uyambe kutumiza kangacepe." Sindikana kuti mau onsewa aturuka mumtima wa cikondi. Koma nditi ndiwo kamba woipa, ndipo mwana amene adzawamvera onse awiri angathe kubwerera kwao wopanda kalata ya maphunziro, atasenza mangawa okha okha. Ndidzanena za dziko la Britain, kumene akuru amati ku Mangalande, pakuti ndiko ana athu ambiri alakalaka kunka, ndipo malamulo ace ngolembedwa poyera.

Ndiyambe ndi mau a ndarama, popeza mlandu wace uli pa ife tokha. Makolo athu anapita ku Wenela, nakumba golidi ku Johannesburg. Ena anagwira nchito m'minda ya fodya ya ku Rhodesia. Pobwera anadza ndi njinga, mabulangete ndi sutikesi yacitsulo. Kuyambira pamenepo mitu yathu inagwira cinthu cimodzi, cakuti munthu wopita kunja wapita kukatola ndarama. Koma wophunzira alowa m'dziko la eni ndi kalata yina. Cilolezo cace, cimene amati viza, cimlola kukhala kumeneko cifukwa ca sukulu. Ngati aphunzira za digiri, lamulo limlola kugwira nchito maora 20 pa sabata pamene sukulu iri mkati, kuwerenga kuyambira Lolemba kufikira Lamulungu. Akagwira maora 10 sabata ino, sangathe kugwira 30 sabata yamawa ndi kunena kuti alikubweza otsala aja. Saloledwa kutsegula malonda ace ace, saloledwanso kulandira ndarama zimene boma lithandiza nazo osowa a dzikolo. Pamene sukulu yatsekera, pamenepo pokha amasuka kugwira nchito tsiku lonse.

Tsono tiwerenge bwino, monga tiwerenga pogulitsa fodya. M'mwezi wa Epulo 2025 boma la Britain linaika malipiro ocepetsetsa a munthu wa zaka 21 kapena kuposa pa £12.21 pa ora. Maora 20 abala £244.20, ndipo masabata anai abala £976.80. Koma boma lomwelo, mu Januwale 2025, linati wophunzira wokhala kunja kwa London asowa £1,136 pa mwezi kuti apeze pogona ndi cakudya, ndipo wa mu London asowa £1,483. Taonani, ngakhale mwanayo adzaze maora ace onse osasiyako limodzi, ndarama yace siifika pa muyeso wa mimba yace yomwe. Ndipo za fizi sitinachule n'komwe. Ife tikamva dzina la paundi tilisandutsa makwacha m'mutu, nitiona nyumba ya malata itaima kale. Tiiwala kuti buledi wa kumeneko agulidwanso ndi paundi.

Nanga ndarama ya feteleza, ya maliro, ya fizi ya mng'ono wace, imene timpempha pa lamya, icokera kuti? Icokera mu ora la 21. Ora limenelo ndi mlandu. Likadziwika, cilolezo cace cingathe kufafanizidwa, iye nauzidwa kuti aturuke m'dziko, ndipo ndarama zonse zimene banja linataya zapita ndi madzi. Alipo olemba nchito amene anyengerera ana otere, nati, "Gwira maora ena, ndidzakulipira pamanja, palibe adzadziwa." Tsiku limene mwana abvomera, wapereka khosi lace, pakuti bwanayo akayamba kumdula malipiro, adzakadandaula kwa yani, iye mwini ali wolakwa? Ndiponso munthu amene acezera usiku wonse kusamala okalamba sangathe kukhala maso m'kalasi m'mawa. Ayamba kujomba. Ndipo dziwani kuti yunivesite iri yonse yolandira alendo iri ndi cilolezo cace ca kwa Home Office, ndiwo ofesi ya boma yoyang'anira olowa m'dziko, ndipo ikakamizidwa kunena kumeneko za wophunzira amene waleka kuoneka. Ikamcotsa m'kaundula, kawiri kawiri apatsidwa masiku 60 okha kuti apeze sukulu yina kapena anyamuke.

Wina adzati, "Kodi mulikuphunzitsa ana kuti aiwale makolo?" Iai. Mwana amene atsiriza maphunziro ace adzathandiza mudzi wace zaka zambiri. Koma munthu sakolola cimanga ciri m'mmera, nadzadabwa kuti nkhokwe iri yopanda kanthu.

Kunena zoona, ndarama iyenera kuyenda njira yina, kucokera kuno kunka uko. M'caka ca 2023 ndarama ya ku Nigeria, dzina lace naira, inagwa kwambiri. Mu 2024 kunamveka kuti ophunzira ena a ku Nigeria pa Teesside University, amene analephera kulipira fizi pa nthawi yace cifukwa ca kugwa kumeneko, anaimitsidwa maphunziro, maina ao naperekedwa kwa Home Office, nauzidwa kuti acoke. Sanabe, sananame, cimene anasunga kwao cinangosungunuka m'manja. Musati nkhani iyi nja kutali, pakuti mu Novembala 2023 kwacha ya Malawi inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 tsiku limodzi. Cifukwa cace cenjerani ndi anthu a m'tauni amene adzicha othandiza kupeza malo a sukulu, nati, "Ingolipirani theka, zotsalazo akazipeza konko." Cenjeraninso ndi macenjerero aja obwereka ndarama kuti zigone m'banki masiku 28 amene lamulo lifuna, ndi kuzibweza kwa mwini viza itaturuka. Muyesa kuti mwanyenga Azungu. Koma amene adzagona ndi njala m'mwezi wa cisanu ndiye mwana wanu.

Tsopano ndifike pa mau oyamba aja, akuti mlendo akhale cete. Ulemu ngwabwino, ndipo palibe afuna kuti mwana akacite mwano kwa eni. Koma tisokoneza ulemu ndi mantha, cifukwa tiyesa kuti mwanayo alandiridwa mwa cifundo, monga wopempha madzi pakhomo. Si tero. Kuyambira 1980, pa ulamuliro wa Margaret Thatcher, ophunzira akunja alipira mtengo wonse wa maphunziro ao. Kuyambira 2017 kufikira 2025 fizi ya digiri yoyamba ya mwana wa ku England siinaloledwe kupitirira £9,250 pa caka. Fizi ya mlendo iribe malire otere, ndipo kawiri kawiri ipambana imeneyo kutari. Mayunivesite ambiri a kumeneko atsamira pa ndarama za alendo kuti aime. Munthu amene walipira cotero ali ndi mphamvu ya kufunsa cimene analipirira.

Tengani za cipatala. Mu Febuluwale 2024 msonkho wa za umoyo umene wophunzira alipira pamodzi ndi viza unakwera kufika £776 pa caka, ndipo aulipira wonse asanakwere ndege. Pamenepo akadwala aloledwa kuonana ndi dokotala ndi kugonekedwa m'cipatala ca boma monga mwini dziko. Nanga mwana amene tinamuuza kuti asakabvute anthu, adzacita ciani akayamba kutsokomola? Adzadzitsekera m'cipinda ndi mankhwala a mutu, ndipo cinthu cimene anagula kale adzaciopa ngati cakuba. Tengani za nyumba. Ku England, kuyambira 2019, mwini nyumba wamba saloledwa kufuna cikole coposa lendi ya masabata 5, ndipo ayenera kucisungitsa ku bungwe lobvomerezeka asanathe masiku 30, kuti pakakhala mkangano potsiriza aweruze ndi ena, asadziweruzire yekha. Malipiro ocepetsetsa aja nga mlendonso. Palibe lamulo lakuti wakuda kapena wobwera alandire zocepa, ndipo lamulo la 2010, dzina lace Equality Act, liletsa kusankha munthu cifukwa ca mtundu wace. Cina cimene ambiri sacidziwa ndi ici: mwana wa ku Malawi, Zambia kapena Mozambique amene akhala ku Britain ndi cilolezo angathe kulembetsa ndi kuponya voti pa cisankho ca aphungu a dzikolo, popeza maiko awa ali mu Commonwealth. Amene lamulo limpatsa mau posankha olamulira, ife ndife yani kuti timtseke pakamwa?

Ndipo njira ya kudandaula iripo. Pafupi fupi pa yunivesite iri yonse pali bungwe la ophunzira lokhala ndi alangizi amene salipiritsa. Mwana akaona kuti sukulu yamlakwira, ayamba kudandaula mkati momwemo, molemba. Akapanda kukhuta ndi ciweruzo, ku England ndi Wales kuli ofesi yoima payokha, dzina lace Office of the Independent Adjudicator, imene imva madandaulo a ophunzira kwaulere. Koma ayenera kufikako isanathe miyezi 12 cilandirire kalata yotsiriza ya sukulu. Wokhala cete kufikira miyeziyo itatha wadziweruza yekha.

Koma ndisakunamizeni kuti malamulo olembedwa bwino asungidwa bwino masiku onse. Boma la Britain liri ndi mlandu wace pa nkhani iyi, ndipo suli waung'ono. Mu Ogasiti 2012 linalanda London Metropolitan University cilolezo colandira alendo, ponena kuti sukuluyo siinasunge bwino kaundula wace. Wolakwa, monga mwa kunena kwa boma, anali sukulu. Koma amene anagwidwa ndi mantha a kupitikitsidwa anali ophunzira oposa 2,000, ambiri a iwo osalakwa kanthu. Nkhani inapita ku bwalo lalikuru la mirandu, woweruza nalola kuti amene mapepala ao anali olongosoka apitirize kuphunzira. Ndipo mu Epulo 2013 cilolezo ca sukulu cinabwezedwa. Dziko limeneli lilandira ndarama ya mlendo ndi dzanja lamanja, nilimkankha ndi lamanzere, ndipo malamulo ace asinthika monga mphepo ya m'dzinja. Mu Januwale 2024 linaletsa ophunzira ambiri kutenga akazi, amuna ndi ana ao, kupatula ocita kafukufuku wa maphunziro apamwamba ndi otumidwa ndi maboma. Mwana amene adalira zimene anamva kwa msuweni wace amene anapita kale adzagwa m'mbuna; awerenge yekha malamulo a caka cimene apita.

Coipa copambana cinacitika mu 2014. M'mwezi wa Febuluwale BBC inaonetsa cinyengo pa mayeso a Cingelezi, dzina lace TOEIC, amene alendo amalemba pofuna viza: m'malo ena anthu olipidwa amalembera anzao. Cinyengoco cinalipodi. Koma Home Office, pansi pa Theresa May, inafunsa kampani ya ku America yokonza mayesowo, dzina lace ETS, kuti ifufuze. Ndipo kampaniyo, itamvetsera mau ojambulidwa ndi makina ndi anthu ace, inati mwa mayeso 58,458, okwana 33,725 anali acinyengo, ndi 22,694 okayikitsa. Ndiko kuti 97 pa 100! Kodi munthu wanzeru sakadaima pamenepo ndi kufunsa ngati muyeso uli wolungama? Boma silinaime. Linafafaniza maviza a anthu zikwi zambiri, ocuruka a iwo ophunzira a ku India, Pakistan ndi Bangladesh, ndipo ambiri anauzidwa kuti akadandaule atacoka kale m'dziko. Mu 2019 National Audit Office, ofesi yofufuza nchito za boma, inapeza kuti anthu ngati 2,500 anacotsedwa mokakamiza, ndi ena ngati 7,200 anacoka okha atacenjezedwa. Inanenanso kuti Home Office siinasamale mokwanira kuti osalakwa asakodwe pamodzi ndi olakwa.

Lingalirani za mwana wosalakwa amene anatsika ndege kwao ndi dzina la wonyenga, makolo atagulitsa munda kuti apite. Akadakhala wanu, mukadamkhulupirira iye kapena kalata ya boma la Azungu? Koma ena anakana kuweramitsa mutu. Anapita ku mabwalo a mirandu, ena nadikira zaka zambiri osaloledwa kuphunzira kapena kugwira nchito. Ndipo pofika 2019 oposa 3,000 anali atapambana. Oweruza anawamva alikulankhula Cingelezi ndi pakamwa pao, naona makalata a mayeso ena amene anakhoza kale, namva m'mene analongosolera za tsiku la mayesolo, kumene anakhala ndi njira imene anayenda.

Cifukwa ca ici, pomangira mwana phukusi, muikemo cikwama ca mapepala, ndipo mumuuze kuti asakataye kalikonse: kalata imene sukulu inamuitana nayo, malisiti a fizi, pangano la nyumba, timapepala ta malipiro toonetsa maora amene wagwira sabata ndi sabata, ndi kalata iri yonse yocokera kwa Home Office. Azijambula zonsezo ndi kutumiza kwa mmodzi wa abale wodziwa kuwerenga, kuti zina zikhale kuno m'bokosi. Akauzidwa cinthu cacikuru ndi pakamwa pokha, apemphe mwaulemu kuti amlembere.