Chipata cha chipatala si cha m'malire

Mayi woyembekezera akadzuka m'mbandakucha ku Diepsloot, ku Alexandra kapena ku Yeoville kuti akagwire malo pamzere wa sikelo, ndale za dziko la South Africa sizikhala m'mutu mwake. Iye amaganiza za mwana ali m'mimbayo, za ndalama yokwerera galimoto, ndi za bwana amene wamulola kujomba theka la tsiku lokha. Koma m'chaka cha 2025 amayi ambiri otere, pamodzi ndi odwala ena ochokera m'maiko oyandikana, ankati akafika pachipata cha kiliniki n'kupeza anthu amene sanali madokotala, anamwino kapena apolisi, atatchinga njira, akufunsa aliyense chitupa. Wopanda chitupa cha unzika ankauzidwa kuti abwerere, akalandire mankhwala kwawo.

Ambiri mwa otchinga njirawo m'chigawo cha Gauteng anali a gulu la Operation Dudula, lomwe lidayambira ku Soweto mu 2021, ndipo dzina lake m'Chizulu limatanthauza kukankhira kunja. Ku Durban gulu lina lotchedwa March and March lidachitanso zomwezo. Ine ndikuti mchitidwe umenewu ndi wophwanya lamulo, ndi woika moyo wa nzika zomwe za South Africa pachiswe, ndiponso ukubisa anthu enieni amene adagwetsa ntchito za umoyo m'chigawochi.

Tiyambe ndi lamulo, pakuti ambiri a ife timabwerera pachipata chifukwa chosadziwa kuti lili mbali yathu. Ndime 27 ya malamulo oyendetsera dziko la South Africa imapereka ufulu wolandira chithandizo cha zaumoyo kwa munthu aliyense, osati kwa nzika zokha, ndipo imaletsa kukaniza munthu chithandizo pamene moyo wake uli pangozi. Lamulo la zaumoyo la National Health Act la mu 2003 limapereka chithandizo chaulere m'makiliniki a boma. Mu Epulo 2023, bungwe la SECTION27 litakadandaula, Bwalo Lalikulu la milandu ku Johannesburg lidatsimikiza kuti amayi oyembekezera, amayi oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 6 ayenera kuthandizidwa mwaulere m'zipatala za boma, posayang'ana dziko lomwe achokera kapena mapepala omwe ali nawo. Mu Novembala 2025 bwalo lomwelo lidaletsa a Operation Dudula kutchinga alendo pazipatala ndi pasukulu, n'kunenetsa kuti wofunsa munthu chitupa kapena pasipoti ayenera kukhala wapolisi kapena wa ofesi yoona zolowa ndi kutuluka m'dziko. N'zoona kuti chithandizo china m'zipatala zikuluzikulu n'cholipira, koma nkhani ya malipiro ndi ya ofesi ya chipatala, osati ya gulu loima pachipata.

Komabe tisadzinamize kuti chigamulo cha bwalo chathetsa mkwiyo. Gogo wa ku Soweto amene wakhala pamzere kuyambira 5 koloko m'mawa n'kuuzidwa masana kuti mankhwala a BP atha ali ndi chifukwa chokwiyira. Anamwino ndi ochepa, nyumba zina za zipatala zidatha, ndipo mwa anthu atatu aliwonse ofuna ntchito m'dzikomo pafupifupi mmodzi ali pa ulova. Mavuto amenewa ndi enieni, ndipo mlendo wonyoza dandaulo la gogoyu sakudzithandiza. Chofunika kufunsitsa n'chakuti, kodi ndalama za mankhwalawo zidalowera kuti?

Kalembera wa mu 2022 adapeza kuti mwa anthu 62 miliyoni okhala m'dzikomo, obadwira kunja adali pafupifupi 2.4 miliyoni, kutanthauza osakwana anayi pa 100 alionse. Ngakhale titavomereza kuti ena sadawerengedwe, ndiponso kuti ambiri adaunjikana ku Gauteng, chiwerengero chimenechi pachokha sichingagwetse zipatala za dziko lonse. Tsono taonani za ku chipatala cha Tembisa. Mayi Babita Deokaran, mmodzi wa akuluakulu oona za chuma mu dipatimenti ya zaumoyo ku Gauteng, adaulula za malipiro okayikitsa pachipatalachi, ndipo mu Ogasiti 2021 adawomberedwa ndi mfuti pakhomo pa nyumba yawo. Mu Seputembala 2025 nthambi yofufuza za katangale ya Special Investigating Unit idalengeza kuti ndalama zoposa R2 biliyoni zidabedwa kudzera pachipatala chimodzi chomwechi. Ndalama zimenezi sadatenge ndi mayi wa ku Mangochi wobwera kusikelo, kapena mmisiri womanga nyumba wa ku Tete wodzamangitsa bala. Kukalipira wodwala wochokera kunja, monga adachitira Phophi Ramathuba m'chipatala cha ku Bela-Bela mu 2022 ali mkulu wa zaumoyo ku Limpopo, kumaombetsa m'manja pamisonkhano, koma sikubweza ngakhale botolo limodzi la mankhwala.

Palinso mfundo imene ngakhale wodana ndi alendo ayenera kuimva chifukwa cha moyo wake womwe. Chifuwa chachikulu cha TB chimayenda mumpweya, ndipo sichifunsa pasipoti. Munthu wobwezedwa pachipata sabwerera ku Lilongwe kapena ku Chipata tsiku lomwelo. Amakwera galimoto imodzi ndi nzika, amagona m'chipinda chopanikizana, ndipo m'mawa amakalera ana a bwana wake akutsokomola. Wodukiza mankhwala a TB kapena ma ARV amapatsa tizilombo mpata woti tisamamvenso mankhwala, ndipo matenda oterowo ndi ovuta komanso odula kuchiza, pomwe wolipira ndi boma lomwelo. Mwana wosalandira katemera wa chikuku amakhala m'kalasi imodzi ndi ana ena onse. Dziko lomwe lili ndi anthu pafupifupi 8 miliyoni okhala ndi kachilombo ka HIV, limenenso lidataya gawo la thandizo la ku America mu 2025, silingakwanitse kuthamangitsa anthu pamzere wa mankhwala. Akuluakulu adati mnzako akapsa ndevu mzimire, mawa adzazima zako.

Ndipo mbiri tisaiiwale. Kwa zaka zambiri a Wenela, kenaka a Theba, ankatenga azigogo athu kuti akakumbe golide pansi pa Joni. Ambiri adabwerera kumudzi mapapo atadzaza fumbi, n'kukafera m'manja mwa akazi awo, kutali ndi migodi yomwe idawadwalitsa. Mgwirizano wa R5 biliyoni wa chipukuta misozi, womwe bungwe la Tshiamiso Trust likuyendetsa, udabwera ochuluka atagona kale m'manda. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, Amalawi zikwizikwi adachotsedwa m'migodi pa mkangano wa kuyeza HIV. Choncho maganizo akuti mlendo ndi wabwino pogwira ntchito koma akadwala azipita kwawo si achilendo. Adali maziko a migodi m'nthawi ya tsankho, ndipo n'zomvetsa chisoni kuwamva lero pakamwa pa ana a anthu omwe adazunzika ndi malamulo a mapasi.

Maboma athu nawo asabisale kumbuyo kwa nkhanza za ena. Anthu sasiya kwawo chifukwa chokonda kuyenda. Amathawa ulova, njala ndi zipatala zopanda mankhwala. Pasipoti ikamavuta kupeza, boma limakhala likukankhira nzika zake m'njira zozemba. Akazembe athu ku Pretoria alankhule poyera nzika zawo zikamabwezedwa pachipata, asamangoonekera pa nthawi yotumiza maliro. Nalo bungwe la SADC, lomwe lili ndi pangano la zaumoyo kuyambira mu 1999, lipeze njira yoti khadi la wodwala wa TB kapena HIV lizigwira ntchito tsidya lililonse la malire, ndi yoti maiko azithandizana ndalama zochizira anthu oyendayenda.

Nanga ife eni ake? Musasiye mankhwala chifukwa cha mantha, ndipo musagawane ma ARV ndi mnzanu. Mukamachoka kumudzi tengani kalata yosamutsira chithandizo pamodzi ndi khadi lanu. Mukabwezedwa, lembani tsiku, nthawi ndi dzina la kiliniki, yesani kiliniki ina tsiku lomwelo, kenaka kadandauleni ku South African Human Rights Commission, ku Lawyers for Human Rights, ku SECTION27 kapena ku Treatment Action Campaign. Pewani kukangana ndi gulu pachipata, ndipo musagule zitupa zachinyengo, pakuti zimenezo zimapereka chikwapu kwa wokumenyani. Magulu athu a maliro ndi a mipingo, omwe amasonkha msanga ndalama zotumizira mtembo kumudzi, asankhenso anthu operekeza odwala kuchipatala.

Koposa zonse, tiyankhulane ndi anansi athu a ku South Africa omwe timaima nawo pamzere umodzi. Mabungwe omwe adatengera nkhaniyi kubwalo, monga Abahlali baseMjondolo, ndi a nzika zosauka za dziko lomwelo, zimene zidazindikira kuti pachipata pakayamba kusankhidwa anthu, mawa wobwezedwa adzakhala nzika yotaya chitupa kapena yolankhula chinenero cha kumalire. Chisankho chilichonse chikayandikira, andale ena adzalozanso chala kwa mlendo. Gogo wa ku Soweto ndi mayi wa ku Mangochi akadzafunsira limodzi kumene kudapita ndalama za ku Tembisa, andalewo adzayenera kuyankha.