Zimene Tinakatola ku Maphunziro a Kalembedwe

Pa mpingo uliwonse wa Sinodi yathu pali mabuku amene akhristu ambiri sanawatsegulepo, ngakhale kuti maina awo ali momwemo. Pali buku la obatizidwa, buku la maukwati, buku la chuma, ndiponso buku la maminitsi a msonkhano wa akulu a mpingo. Ku sukulu nako kuli kaundula wa ana, malipoti a kutha kwa teremu ndi makalata opita ku ofesi ya maphunziro. Onse olemba m'mabuku amenewa anaphunzira kugwira cholembera ali ana, koma ndi owerengeka okha amene anaphunzitsidwapo kalembedwe ka pa ntchito monga phunziro palokha. Mlembi watsopano amangotsegula masamba a mlembi wakale, naona mmene mnzakeyo ankayambira ndi mmene ankatsirizira, iyenso nkumatero.

Mwezi uno tifuna kukamba za maphunziro a kalembedwe kotere amene tatsiriza posachedwapa pa yunivesite ina m'dziko muno, kumene tinkapita masiku Oweruka ndi pa nthawi ya tchuthi. Yunivesite ya Malawi itatsegulidwa mu 1965, makolo athu ankaiyesa malo a ana a eni, ndipo ife amene tinadzera ku sukulu ya uphunzitsi sitinalotepo kuti tidzakhala pa benchi yotero imvi zitamera kale. Koma zinthu zinasintha. Sinodi ya Livingstonia inatsegula yunivesite yake mu 2003, za Nkhoma ndi Blantyre zinatsatira, ndipo lero si chachilendo kuona agogo ndi mdzukulu akulembera mayeso m'chipinda chimodzi. M'kalasi mwathu munali alembi a m'maofesi, anamwino, apolisi, ndi achinyamata amene sanayambe ndi ntchito yomwe.

Chimene chinayamba kutikhudza sichinali m'mabuku ayi. Kwa zaka zoposa 30 takhala kumbali ya cholembera chofiira, ife kuchonga, mwana kulandira. Tsono apa kope lathu linkapita m'manja mwa mphunzitsi wamkazi wa msinkhu wa mwana wathu woyamba, ndipo tinkadikira sabata yathunthu mtima uli m'mwamba, monga momwe mwana wa Sitandade 7 amadikirira makope akamagawidwa. Mayiyu sankakonda kuika mtanda. M'mphepete mwa pepala ankalembamo mafunso: kodi adzawerenga zimenezi ndani, nanga akatha kuwerenga achite chiyani? Munthu akakufunsa chotero, ulibe pokwiyira, umangobwerera ku pepala lako ndi kukaganizanso. Kuyambira pamenepo nafenso tayamba kufunsa ana athu m'malo momangowadula mizere. M'kalasi ya ana oposa 100, monga zakhalira m'sukulu zambiri kuyambira pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere mu 1994, sizitheka kulemba funso m'kope lililonse. Chotero timasankha makope khumi pa tsiku, mawa ena khumi, kufikira onse atalandirako.

Phunziro lenileni linagona pa funso lija la wowerenga. Pa bwalo la amfumu wolankhula amaona nkhope za anthu. Akaona kuti agogo aja sanamve, amabwereza. Akaona kuti wina wakwinya nkhope, amafewetsa mawu. Akaiwala dzina la mudzi, wina amamukumbutsa. Pepala lilibe zonsezi. Limapita lokha, nkukafika kwa munthu amene sanalipo, amene mwina watopa, ndipo mwini wake salipo kuti afotokoze chimene amatanthauza. Tsiku lina tinapatsidwa ntchito yolemba kalata yopempha thandizo denga la kalasi litasasuka ndi mphepo. Titawerengerana makalata athu, ambiri anali atayamba ndi mbiri ya sukuluyo, chaka chimene inamangidwa ndi kufunika kwa maphunziro pa chitukuko cha dziko, ndipo nkhani ya denga inkatulukira kumapeto kwa tsamba. Koma amene akulandira kalatayo ali ndi mulu wa makalata patebulo, ndipo chimene akufuna kudziwa ndi ichi: sukulu iti, denga linasasuka pa tsiku liti, pakufunika malata angati ndi misomali yochuluka bwanji, ana angati akuphunzirira pansi pa mtengo, ndipo ayankhe kwa yani. Akazipeza m'mizere isanu yoyamba angathe kuchitapo kanthu tsiku lomwelo. Akapanda kuzipeza kalata ija imaikidwa pambali, ndipo ana aja mvula imawapeza panja.

Pa mfundo imodzi sitinagwirizane ndi anzathu achinyamata. Iwo anatenga chiphunzitso cha kufupikitsa nkuchifikitsa pakuti ngakhale moni ndi kutaya nthawi. Ife tinakana, ndipo tikanabe. Kalata ya Chichewa yopita kwa Abusa, kwa amfumu kapena kwa kholo la mwana, ikangoyamba ndi pempho popanda ulemu, wolandirayo amamva ngati wina walowa m'nyumba mwake osaodira, ndipo pempho limene linali labwino limafera pakhomo. Mtumwi Paulo ankayamba makalata ake ndi moni, ngakhale pamene anali ndi mawu owawa oti awauze anthu ake. Luka naye anamupatsa Teofilo ulemu wake asanayambe nkhani. Chimene tinavomera nchakuti moni ukhale wa mizere iwiri, ndipo ukatha moniwo nkhani iyambe pomwepo, osazungulira ngati munthu wodzabwereka mchere amene ayamba wafunsa za mbuzi zonse za pakhomo.

Maphunzirowa anali m'Chingerezi, koma ntchito yathu yambiri ya pa mpingo timailemba m'Chichewa. Chotero madzulo tinkatenga zimene taphunzira ndi kuziyesa pa chinenero chathu, ndipo pamenepo mpamene tinaona mbuna zimene mabuku a Chingerezi sangatichenjeze. Yaikulu ndi ya ulemu umene. M'Chichewa "anati" angakhale munthu mmodzi kapena gulu, mwamuna kapena mkazi, ndipo "iwo" angakhale Abusa okha kapena msonkhano wonse. Taonani mzere uwu, umene ungapezeke m'buku lililonse la maminitsi: "Atafunsidwa, anati iwo ndiwo anawapatsa ndalamazo." Amene analipo tsikulo akudziwa wofunsidwa, wopereka ndi wolandira. Koma patapita zaka zitatu, msungichuma atasintha, mzere umenewu ungamasule wakuba ndi kumanga wosalakwa. Mankhwala ake ndi osavuta: kubwereza dzina kapena udindo wa munthu paliponse pamene "iwo" angaloze anthu awiri, ngakhale chiganizo chimveke cholemera. Chimodzimodzi "mawa", "dzana" ndi "sabata yamawa": pakamwa amamveka bwino, koma kalata ikagona masiku atatu m'thumba la wamtengatenga, mawa lake lakhala liti? Tilembe tsiku, mwezi ndi chaka. Ndalama nazo zilembedwe m'manambala ndi m'mawu momwe, pakuti ziro mmodzi ndi wosavuta kuwonjezera.

Palinso mawu ena amene amabisa wochita. "Ndalama zinasowa." "Kunamveka kuti." "Zinagwirizanidwa kuti denga likonzedwe." Chinenero chathu nchokoma pa kupewa kuloza munthu chala, ndipo pa maliro kapena poyanjanitsa banja ulemu wotero ndi wofunika ndithu. Koma m'maminitsi, denga limene "likonzedwe" popanda dzina la wokonza ndi tsiku lomaliza, lidzakhala likudontha kufikira msonkhano wa chaka chamawa, aliyense akuyesa kuti mnzake ndiye anapatsidwa ntchitoyo. Za kalembedwe ka zilembo, kaya tilembe "nchito" kapena "ntchito", sitikambapo zambiri. Bungwe la Chichewa Board limene linakhazikitsidwa mu 1972 linaika malamulo ake, ndipo kuyambira 1996 ntchitoyo ili m'manja mwa Centre for Language Studies ku Zomba. Ndi bwino kuwatsata, komabe sitinamvepo munthu amene anavulazidwa ndi chilembo chosowa.

Amene amavulaza munthu ndi mawu aang'ono awa: "akuti". Apa mpamene maphunziro aja anatifika pamtima monga mkulu wa mpingo. Anatiphunzitsa kusiyanitsa zinthu zitatu polemba lipoti: chimene wolemba anaona yekha, chimene anauzidwa ndi wina, ndi chimene iye akuganiza. Anamwino ndi apolisi a m'kalasi mwathu anazimva msanga, pakuti lipoti lawo lingathe kukafika ku khoti. Nanga ife? Mkhristu akaitanidwa pamaso pa akulu a mpingo, zimene mlembi alembe tsiku limenelo zimatsala iye atapita kwawo. Adzafuna kalata yosamukira mpingo wina, adzafuna kubatizitsa mwana, mwina dzina lake lidzatchulidwa pa chisankho cha atumiki, ndipo buku lija lidzatsegulidwa ndi anthu amene sanamuonepo nkhope. Ngati munalembedwa kuti "anaba chimanga cha mpingo" pamene zoona zake nzakuti wina anamuneneza, iye nakana, ndipo mboni sizinapezeke, ndiye kuti buku la mpingo lachita umboni wonama, ndipo lidzapitiriza kuuchita mlembi wake ali m'manda. Lamulo lachisanu ndi chinayi timaliphunzitsa kwa a kalasi monga lamulo la lilime, koma limagwiranso dzanja logwira cholembera.

Chotero minitsi ya mlandu iyenera kunena momveka chimene munthu ananenezedwa, amene anamuneneza, chimene iye anayankha, chimene anavomera ndi chimene anakana, ndiponso chigamulo cha msonkhano. Mawu okometsera monga "mwamwano" kapena "mopanda manyazi" ndi maganizo a mlembi, ndipo alibe malo m'bukumo. Tinaonanso chinthu china poyang'ana mabuku akale ndi maso atsopanowa. Kugwa kwa mkhristu kumalembedwa mwatsatanetsatane, nthawi zina tsamba lathunthu, koma kubwezedwa kwake ku Mgonero kumangokhala dzina limodzi pa mndandanda wa miyezi ina kutsogolo, popanda cholozera chilichonse pa tsamba loyamba lija. Wotsegula buku amapeza kugwa, osapeza kudzuka. Tikupempha alembi a mipingo kuti munthu akabwezedwa, abwerere pa tsamba limene mlandu wake unalembedwa, nalembe m'mphepete tsiku la kubwezedwa kwake ndi nambala ya minitsi yake. Ndi ntchito ya mphindi imodzi yokha.

Tisayese kuti mabuku amenewa amathera m'kabati ya ku vesitili. Ku Zomba kuli nyumba yosungira zolembedwa zakale za dziko lino, imene inayamba mu 1947, ndipo olemba mbiri ya mipingo amakhala masiku ambiri akuwerenga makalata ndi maminitsi a anthu amene ankayesa kuti akungolemba za msonkhano wa Loweruka. Ndiponso ife aphunzitsi a m'Sinodi tisadziyese achabe pa nkhani ya kulemba. Samuel Josia Ntara anali mphunzitsi wa Mishoni ya Nkhoma pamene buku lake la Nthondo linapata mphotho mu 1933, ndipo polemba Mbiri ya Achewa anayenda kukafunsa akuluakulu m'midzi, osangokhulupirira zomvera m'njira. Luka, pa chiyambi cha Uthenga wake, akufotokoza kuti anayamba wafufuza zonse mosamala kwa amene anaona ndi maso, kenaka nkuzilemba mwa dongosolo, kuti wowerenga wake akhale ndi chinthu chodalirika. Zimene yunivesite ikuphunzitsa lero ndi maina atsopano, Luka anazichita kalekale, ndipo ife takhala tikuwerenga mavesi amenewo pa guwa chaka ndi chaka.

Masiku ano zolengeza zambiri za mpingo zimayenda pa foni, pa WhatsApp, ndipo kumeneko vuto lomweli lakula, pakuti uthenga umatumizidwa kwa anthu mazana usanawerengedwe kachiwiri. Uthenga wa maliro umene sunanene mudzi, mfumu yake, tsiku ndi ora la mwambo, umasokeretsa anthu ochokera kutali amene abwereka ndalama ya basi. Wolemba awerenge kawiri asanatumize, ndipo kachiwiriko awerenge ngati mlendo wosadziwa dera.

Pa mpingo pathu tapempha kuti mlembi aziwerenga zigamulo zonse mokweza msonkhano usanatsekedwe ndi pemphero, m'malo modikira mwezi wamawa pamene ambiri aiwala. Akulu ena anadandaula, ndipo dandaulo lawo linali lomveka, pakuti ena amachokera kutali pa njinga ndipo dzuwa silidikira. Tinagwirizana kuyesa miyezi itatu. Tsiku loyamba lomwelo, mlembi atawerenga chigamulo cha chopereka chokonzera nyumba ya Abusa, kunapezeka kuti akulu a mbali ina anamva kuti ndalamayo ndi ya banja lililonse, pamene a mbali ina anamva kuti ndi ya mkhristu aliyense, ndipo onse anali okonzeka kukalengeza kwawo Lamulungu lotsatira. Tinakhalanso pansi mphindi khumi, mlembi anakonza mzerewo, Abusa nasaina.