PA BWALO LA MFUMU: Wogulitsa seguro abwere ndi zida zokwana

Lero tikambe za anthu aja a zikwama amene amaoneka m'misika nyengo yogulitsa fodya. Malonda awo ndi seguro, imene anzathu a ku Malawi ndi ku Zambia amati inshuwalansi.

Mphwanga wina wa ku Mualadzi adagula njinga yamoto atagulitsa fodya wake. Adalipiranso seguro, wogulitsayo atamuuza kuti, "Chilichonse chikachitika, kampani ilipira." Patapita miyezi itatu njinga idagwera m'dzenje pa msewu wa ku Cassacatiza, foloko n'kupindika. Atapita ndi pepala lake, adamuyankha kuti seguro imeneyo imalipira munthu amene wagundidwa kapena katundu wake, osati njinga ya mwiniwake. Kampani sidaname ayi. Zonse zidalembedwa m'pepalamo, koma m'Chipwitikizi cha maloya. Lero mudzi wonse ukuti seguro ndi umbava, ndipo wogulitsa aliyense akafika kumeneko amangopatsidwa mpando ndi madzi akumwa basi.

Kodi adalakwa ndani? Ine ndikuti amene adatuma mnyamata ku munda wopanda khasu.

Kale nkhaniyi idalibe mpikisano. Kuyambira 1977 kampani ya boma ya EMOSE idali yokha m'dziko muno, mpaka mu 1991 pamene boma lidalola makampani ena. Mu 2003 padabwera lamulo loti galimoto iliyonse yoyenda pa msewu ikhale ndi seguro yolipira anthu amene ingawapweteke. Mu 2010 boma lidakhazikitsa bungwe la ISSM kuti liyang'anire makampani ndi ogulitsa awo. Tsopano makampani achuluka, ndipo onse akufuna kasitomala wa kumudzi. Ngati akutifunadi, awapatse anyamata awo zida izi.

Choyamba, chizindikiro. Wogulitsa aonetse chikalata chomuloleza ntchitoyi, anenenso kuti iye ndani. Agente amagulitsa m'dzina la kampani imene idamutuma. Corretor sakhala wa kampani imodzi, ntchito yake ndi kukufunirani pamene pali pabwino. Onsewa amadya komishoni pa ndalama imene mwalipira. Si tchimo limenelo, koma tidziwe.

Chachiwiri, chilankhulo. Pepala limodzi la m'Chichewa ndi lokwanira, loyankha mafunso anayi: chimene kampani idzalipire, chimene sidzalipira, tsiku limene seguro ikutha, ndi kumene tikadandaule ngozi ikagwa. Funso lachiwirilo ndi limene ogulitsa amalithawa, chonsecho ndi limene limamanga chikhulupiriro. Paja akulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Munthu wa kumudzi amayamba wang'amba mkuyuwo asanadye.

Chachitatu, lisiti. Ndalama ikalowa m'thumba la munthu popanda pepala la chidindo, mawa palibe mboni. Masiku ano kuli M-Pesa ndi e-Mola. Kampani ipereke nambala yakeyake yolipirira, kuti uthenga wa pa foni ukhale umboni wa mlimi.

Chachinayi, kudziwa nyengo. Mlimi wa ku Chifunde salandira malipiro pa mwezi ngati mphunzitsi. Ndalama amaigwira akagulitsa fodya, chimanga kapena soya. Kumuuza kuti azilipira mwezi ndi mwezi, ngakhale mu Januwale nkhokwe ili pululu, n'kumutchera msampha, pakuti akalephera kulipira seguro imaima ndipo zimene adapereka kale sizibwerera.

Chachisanu ndi chachikulu: kubweranso pa tsiku la tsoka. Nzeru ya seguro si yachilendo kwa ife. Maliro akagwa timasonkha ufa, nkhuni ndi ndalama, podziwa kuti mawa ndi ife. Koma wosonkhetsa timamudziwa, ndipo pa maliro amakhalapo. Wogulitsa seguro nayenso aphunzitsidwe kuthandiza kulemba mafomu, kutenga lipoti la apolisi ndi kulondola ndalama mpaka ifike. Munthu mmodzi akalipidwa mudzi ukuona, khumi adzagula osakakamizidwa.

Chilala cha El Niño cha mu 2024 chidatikumbutsa kuti si njinga yokha yofuna chitetezo. Bungwe la WFP lidayesapo seguro ya mvula ndi alimi ena m'chigawo chathu cha Tete. Seguro yotere imalipira potengera mvula imene yayezedwa m'dera lonse, osati poona munda wa munthu mmodzi. Chimanga chanu chikhoza kupserera inu osalandira kanthu, ngati muyeso ukuti mvula idakwana. Wogulitsa akabisa zimenezi, nkhani ya mphwanga uja idzabwerezedwa mudzi ndi mudzi.

Tsono inu a kumudzi, wa chikwama akafika musamuthamangitse. Mukhazikeni pansi, itanani mwana wodziwa kuwerenga Chipwitikizi, mufunseni mafunso anayi aja pamaso pa anthu. Akayankha bwino, gulani. Akayamba chibwibwi, bwezani ndalama m'thumba.

Tsalani bwino, tionana sabata yamawa.