Buku la Larsson silofunika changu

Ambiri amene amatsegula buku la Stieg Larsson, The Girl with the Dragon Tattoo, amatopa nalo msanga. Masamba oyambirira angodzaza ndi zachinyengo za mpondamatiki Wennerström komanso mlandu umene mtolankhani Mikael Blomkvist wagonja kukhoti. Ena amalitaya pomwepo, koma amadzimana.

Kukoma kwake kumadza pang'onopang'ono. M'nkhaniyi, mtsikana wina, Harriet Vanger, anasowa mu 1966 pachilumba cha Hedeby ku Sweden, tsiku limene ngozi ya galimoto yonyamula mafuta inatseka mlatho umodzi wokha wopitira kumeneko. Patapita zaka pafupifupi 40, Blomkvist, pofufuza za kusowa kwake, akupenda zithunzi zakale chimodzichimodzi, mpaka aona nkhope ya Harriet ikusintha atayang'ana munthu wina patsidya pa msewu. Kamphindi kameneka kamagunditsa mtima munthu amene waleza nalo mtima bukuli, osati wodumpha masamba.

Ndiye pali Lisbeth Salander, katswiri wolowerera makompyuta a anthu, wosakonda zolankhulalankhula. Iyeyu ndiye amasakitsa munthu buku lachiwiri.

Larsson anamwalira mu 2004, bukuli lisanatuluke mu 2005. David Lagercrantz anapitiriza nkhaniyi mu 2015, koma Salander wake ndi wofatsako, saluma ngati woyamba uja.