Yambani ndi matayala ndi mabuleki, injini idikire

Ndalama za soya, mtedza ndi thonje zikayamba kulowa m'matumba mu Juni ndi Julayi, ife amakaniko a pa Katete Stores timadziwa popanda wotiuza. Magalimoto amene anagona pamiyala dzinja lonse amadzuka, ndipo anyamata amabwera ndi zithunzi m'mafoni: Altezza yotsitsidwa mpaka kutsala pang'ono kunyambita phula, Mark X ya marimu onyezimira, Subaru ya paipi ya utsi yoti chibakera n'kulowamo. Aliyense amafuna yake ithe lisanafike Loweruka lomaliza la Ogasiti, kuti akaonekere panjira ya ku Mkaika tsiku la mwambo wa Kulamba. Mawu ake ndi amodzimodzi: "Amdala, ndifuna izilira, izithamanga."

Ine sindili m'gulu la achikulire amene amati kusintha galimoto n'kuwononga ndalama. Ndimadyera momwemo, komanso ndimaona kuti n'koyenera. Magalimoto ambiri amene timayendera kuno ndi akale ochokera ku Japan, otsikira padoko la Dar es Salaam n'kulowera pa Nakonde. Amene anawapanga ankaganiza za misewu ya Nagoya ndi Osaka, osati njira za kwa Kawaza, kwa Kathumba, kwa Nyanje kapena kwa Pembamoyo. Kuikonza galimoto yotere kuti igwirizane ndi kwathu ndi nzeru. Pamene ndimasiyana ndi anyamata ndi poyambira. Iwo amayambira pa zomveka ndi zooneka. Ine ndikuti ndalama yoyamba ipite kumatayala, yachiwiri kumabuleki, yachitatu kumashoku, ndipo injini ilandire zotsala.

Chifukwa chake chili m'masamu amene aliyense angawatsate. Pa phula louma, galimoto ya matayala ndi mabuleki abwino ikamayenda makilomita 60 pa ola imafuna mamita pafupifupi 20 kuti iime, kuwerengera pamene phazi laponda buleki. Pa 120 siifuna mamita 40 ayi, imafuna 80, chifukwa liwiro likawirikiza kawiri mtunda woimira umawirikiza kanayi. Onjezanipo mamita 33 amene galimotoyo imadya pa sekondi imodzi, maso asanauze phazi kuti kutsogolo kwaipa. Zonse pamodzi zapitirira kutalika kwa bwalo la mpira. Tsono chikonzereni msewu wa Great East kuchokera pamlatho wa Luangwa mpaka ku Mwami, phula limakopa phazi kuti lipondebe. Koma msewu womwewo ukudutsa pakati pa msika wa Sinda ndi wa Katete, ndipo m'mbali mwake muli ngolo za ng'ombe, njinga za makala, mbuzi, nkhumba ndi ana a sukulu. Ndi angati mwa amenewa amene amakupatsa mamita 110 a chenjezo?

Matayala ndiwo okha amene amakhudza pansi, ndipo ndi pamene anthu amaumirira ndalama kwambiri. Munthu amagula marimu a mainchesi 17 pamtengo wokwera, kenako n'kuvekapo matayala a salaula. Pambali pa tayala lililonse pali manambala anayi osonyeza tsiku lobadwa: mukaona 2316, ndiye kuti linapangidwa sabata la 23 m'chaka cha 2016. Tayala lokalamba limauma ndi kung'aluka ngakhale mano ake akuoneka akuya, ndipo kutentha kwa Okutobala sikulichitira chifundo. Magalimoto ena amafika atavala matayala a m'chisanu cha ku Japan, olembedwa studless. Amenewa ndi ofewa, anapangidwira madzi oundana; pa phula lotentha amatha msanga ndipo pamvula saima bwino.

Za marimu aakulu, tayang'anani manambala. Tayala la 185/70 R14, limene ma Corolla ambiri amavala, lili ndi khoma la masentimita 13 pakati pa rimu ndi msewu. La 205/40 R17 lili ndi masentimita 8 okha. Khoma limenelo ndilo limayamba kumeza dzenje mashoku asanamve kanthu. Mukalichepetsa, dzenje limodzi la panjira ya ku Vubwi limatupitsa tayala, kupinda rimu, nthawi zina n'kuthyoleratu. Amene sakundikhulupirira afunse ochita mpikisano. Pa mpikisano wa World Rally Championship, galimoto imavala marimu a mainchesi 18 ikamathamanga pa phula, koma ikalowa m'dothi imavala a 15. Dziko lathu la Zambia lili ndi akatswiri pa masewera amenewa: Satwant Singh anatenga chikho cha African Rally Championship kasanu ndi katatu, Muna Singh anachitenga mu 2004 ndi 2005 pa Subaru Impreza, ndipo Leroy Gomes anachibweretsanso mu 2022. Magalimoto awo a m'dothi ndi okwera, ali ndi mashoku a ulendo wautali, chitsulo chotchinga pansi pa injini, ndi zitsulo zoteteza dalaivala m'kati. Anthu othamanga kwambiri mu Africa muno amamanga magalimoto awo mosiyana kotheratu ndi mmene mnyamata wa ku Sinda akufunira kumanga yake.

Pa mabuleki sindikupempha zodula. Mapadi enieni, madisiki osadyeka, mapaipi osang'aluka, ndi mafuta a mabuleki atsopano zaka ziwiri zilizonse. Mafuta amenewa ndi amene aliyense amawaiwala. Amayamwa chinyezi pang'onopang'ono: a DOT 4 akakhala atsopano amawira pa madigiri 230, koma akamwa madzi amawira pa 155. Pamitsetse ya ku Kacholola, popita ku Lusaka, mabuleki amatentha kwambiri, makamaka kwa madalaivala amene amachotsa giya potsika ati kusunga petulo. Mafuta akawira, pedulo imangolowa pansi yopanda kanthu. Botolo lake silifika ndi mtengo wa rimu limodzi.

Kutsitsa galimoto ndiye nkhani imene timakangana tsiku ndi tsiku. Anyamata amadula masipuling'i ndi chopukusira, ena amawatenthetsa ndi moto wa gasi kuti afwafwanyike. Sipuling'i yotenthedwa yataya mphamvu yake, ndipo yodulidwa nthawi zambiri siikhazikika pampando wake. Shoku imayamba kugunda kumapeto, galimoto imadumphadumpha, ndipo tayala likakhala m'mwamba, buleki ndi chiwongolero zilibe ntchito. Pa mahampu a pa Katete galimoto yotere imadutsa cham'mbali ngati ikupepesa, ndipo ikangochoka pa phula mwala woyamba umaboola sampu, oyilo n'kuthera pansi. Kwathu kuno galimoto imafunika kukwezedwa pang'ono. Masipesa a masentimita awiri kapena atatu, mashoku atsopano oikidwa awiriawiri, ndi chitsulo chotchinga sampu zimachititsa Corolla kufika kumudzi ndi kubwerako. Koma kukweza nakonso kuli ndi malire. Mukapitirira, ma CV joint amagwira ntchito atapindika n'kutha msanga, ndipo galimoto imapendama kwambiri pakona. Ndipo mukangokhudza kutalika kwa galimoto, pitani nayo akawongole miyendo pamakina, apo ayi matayala adyeka mbali imodzi.

Apa ndiyenera kutembenukira kwa anzanga a imvi, chifukwa si bwino kumangoloza anyamata. Osintha magalimoto oopsa kwambiri m'maboma athu atatu a Katete, Sinda ndi Vubwi si a Altezza. Ndi ife eni mataxi, ma Noah ndi ma Canter. Corolla inapangidwira anthu asanu ndi kachikwama kumbuyo. Ife timaika masipuling'i olimba ochokera ku galimoto ina kuti inyamule anthu asanu ndi atatu ndi matumba a feteleza m'buti osakhala pansi. Canter ya matani awiri timaiwonjezera malifu kuti inyamule matumba 100 a chimanga a makilogalamu 50, amene ndi matani asanu, anthu n'kukweranso pamwamba. Galimoto imaoneka yowongoka, wapolisi n'kuiona ngati yanyamula pang'ono. Koma mabuleki ndi omwe aja, matayala ndi omwe aja, ma bearing ndi omwe aja. Kulemera kukawirikiza kawiri, kutentha kumene mabuleki ayenera kumeza nakonso kumawirikiza kawiri. Lifu yowonjezera siichotsa katundu, imangobisa. Mnyamata wa Altezza nthawi zambiri amakhala ndi mnzake mmodzi. Ife timanyamula mudzi wonse wopita kumaliro.

Tsopano injini. Choonadi chimene ogulitsa zida safuna kunena n'chakuti pa injini yopanda turbo, monga 1NZ ya malita 1.5 imene ili m'ma Corolla, Allex ndi RunX, paipi yaikulu ya utsi imawonjezera phokoso, mphamvu pang'ono zedi kapena ayi. Kusintha pulogalamu ya kompyuta ya injini kumapindula kwenikweni pa magalimoto a turbo, ndipo kumeneko kumafuna munthu wa makina oyezera, osati wongokopera pa intaneti, chifukwa akalakwitsa mapisitoni amasungunuka. Sefa ya mpweya yapoyera, ija yooneka ngati chisoti chofiira, imakoma m'maso. Koma m'fumbi la Seputembala imalowetsa dothi losalala limene limadya maring'i, ndipo pomakwana chaka galimoto yayamba kumwa oyilo. Kuchotsa catalytic converter kumakondweretsa wogula zitsulo za mtengo wapatali zimene zili m'katimo, monga platinum ndi palladium. Mwini galimoto amatsala ndi utsi wonunkha ndi nyali yoyaka padashibodi.

Palinso mwambo wathu amakaniko wochotsa thermostat galimoto ikangofika, ati ndi ya kumayiko ozizira. Kachipangizo kameneka kamasunga injini pa kutentha kumene inapangidwira, madigiri 80 mpaka 90. Mukakachotsa, injini imachedwa kufunda, makamaka m'mawa wa Juni, kompyuta n'kumathira petulo wambiri, zitsulo n'kumadyana. Ngati galimoto ikutentha, vuto lili pa radiator yotsekeka ndi madzi a pachitsime, pa fani kapena pa pampu ya madzi. Muzikumbukiranso kuti Katete ali pamtunda wa mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja ya mchere, kumene mpweya ndi wopepukirapo, choncho injini yopanda turbo imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu yolembedwa m'buku. Altezza RS200 ya mahatchi 210 siiwapeza onsewo kuno. Njira yotsika mtengo yopezera mphamvu ndi kubweza imene inatayika: oyilo woyenera pa nthawi yake, mapulagi abwino, sefa yoyera, ndi mankhwala oziziritsira injini m'malo mwa madzi wamba.

Ndikudziwa yankho la anyamata, chifukwa ndimalimva pagalaja: "Ndalama ndi zanga, motoka ndi yanga." Zoona, ndipo pa utoto, nyimbo ndi mipando sindingakuletseni. Koma msewu si wanu nokha. Malipoti a apolisi a zaka zaposachedwa akusonyeza kuti anthu oposa 2,000 amafa pamisewu ya Zambia chaka chilichonse, ndipo ambiri mwa iwo ndi oyenda pansi ndi apanjinga, anthu amene sanafunsidwepo za marimu a munthu. Ovulala a kuno amathera ku chipatala cha St Francis kapena ku Nyanje, ndipo wovulalira m'midzi ya ku Vubwi ali ndi ulendo wautali asanaonane ndi dokotala wa mafupa. Amene analemba kumbuyo kwa minibasi kuti kuthamanga si kufika sanali kuseka.

Kukonda liwiro pakokha si mlandu, ndipo kuletsa chabe sikunathetsepo chilakolako cha mnyamata. N'chifukwa chake ndikupempha makhonsolo a Katete, Sinda ndi Vubwi kuti akambirane ndi bungwe la Zambia Motor Sport Association za malo otchingidwa, kutali ndi msika ndi sukulu, kumene anyamata angayesere magalimoto awo pali zipewa zoteteza mutu, oyang'anira ndi ambulansi. Mnyamata amene waona yekha mmene galimoto yake imaterereka pa 80 m'bwalo lotetezeka sadzayesa zimenezo pa Sinda tsiku la msika. Ndalama za CDF zolipirira maphunziro a ntchito zamanja zitumizenso achinyamata ambiri ku Chipata Trades kukaphunzira umakaniko wa magalimoto a kompyuta, chifukwa ambiri a ife tinaphunzirira pa kabuleta.

A RTSA, amene lamulo la Road Traffic Act la 2002 linawapatsa udindo woyeza magalimoto, asamathere pa nyali ndi hutala pochita fitinesi. Alowe pansi, awerenge malifu, aone masipuling'i odulidwa, awerenge zaka za matayala. Eni magalimoto nawonso akasintha injini akalembetse kuti white book igwirizane ndi galimoto, chifukwa tsiku la ngozi a inshuwalansi adzafunsa.

Kwa amakaniko anzanga, mawu anga ndi awa: kasitomala akabwera ndi paipi ya utsi m'manja, yambani mwagwetsa tayala n'kumuonetsa mapadi ake. Akakana kukonza mabuleki, inunso kanani kukhudza injini, ngakhale ndalamayo ikuwawa kuisiya. Ndipo inu aphwanga amene mwagulitsa soya chaka chino, galimoto yanu ikongoletseni ndithu, koma muyambe mwatsimikiza kuti ikhoza kuima.