Buku la zipewa si choseweretsa chabe

Makolo ambiri kuno kwa Mlolo akaona buku la ana la zithunzi zikuluzikulu koma mawu ochepa, amaliyesa choseweretsa. Kwa iwo buku lenileni ndi lodzaza zilembo. Komatu buku la zithunzi lili ndi njira yake yophunzitsira mwana, ndipo mabuku angapo otchuka onena za zipewa amaionetsa bwino njirayo.

Tiyambe ndi Caps for Sale, lomwe Esphyr Slobodkina anatulutsa ku America mu 1940. Munthu wina wogulitsa zipewa ankayenda atazisanjikiza pamutu. Tsiku lina malonda atavuta anagona tulo patsinde pa mtengo, ndipo podzuka anapeza apusi ali m'nthambi, aliyense atavala chipewa. Akawaloza chala, nawo ankamuloza. Akaponda pansi mwaukali, nawo ankaponda. Atatopa nazo anavula chipewa chake n'kuchiponya pansi, basi apusi onse n'kuponyanso zawo. Nthano yomweyi imakambidwanso ku Mali, ndipo Baba Wagué Diakité anaiika m'buku la zithunzi mu 1999. Mwana amene anapirikitsapo apusi m'munda wa chimanga safuna wom'fotokozera khalidwe lawo.

Chimene chikugwira ntchito m'nkhaniyi ndi kubwereza. Zochitika zikabwera kachiwiri ndi kachitatu, mwana amayamba kulosera chotsatira, kenaka amazindikira kuti mawu amene akumva mobwerezawo ndi omwewo akuoneka papepala. Kuwerenga kumayambira pamenepo. N'chifukwa chake Dr. Seuss, polemba The Cat in the Hat mu 1957, anagwiritsa ntchito mawu osiyanasiyana 236 okha m'buku lonse, n'kumawabweza mwaluso.

Mbali ina imene akulu timaidumpha ndi ya chithunzi. M'buku labwino mawu ndi chithunzi amagwira ntchito ngati amayi awiri osinja mumtondo umodzi: munsi wina ukakwera, wina umatsika. Chimene mawu asiya, chithunzi chimanena. Mu I Want My Hat Back la Jon Klassen, lotuluka mu 2011, chimbalangondo chimafunsa nyama imodziimodzi ngati yaona chipewa chake chofiira. Kalulu amakanitsitsa, koma pachithunzi chipewacho chili pamutu pake penipeni. Chimbalangondo sichizindikira, chimathokoza n'kupitirira. Mwana wazaka zinayi amaliona bodzalo msanga ndipo amafuula, chifukwa wadziwa chinthu chimene mawu sananene. Apo waphunzira kuyerekeza zimene wamva ndi zimene waona, luso lomwe adzalifune mpaka ku sekondale. Zimene zinam'gwera kalulu pomaliza bukulo silinena poyera, ndipo ana amakangana nazo kwambiri.

Pakhomo izi zikutanthauza kuti kholo losadziwa Chingerezi silinatsekeredwe kunja. Agogo amene sanapite kusukulu angathe kum'khazika mdzukulu pamphasa, kutsegula buku, n'kumafunsa: ukuona chiyani apa, chipewa chili ndi yani, nanga ukuganiza kuti achita chiyani tsopano? Nkhaniyo aikambe m'chinenero chathu, mmene amakambira nthano madzulo. Mwana akafuna buku lomwelo mawa ndi mkuja, musatope naye, kubwerezako ndiye phunzirolo.

Vuto n'lakuti mabuku amenewa ndi odula ndipo ndi a Chingerezi. Pa intaneti pali African Storybook, ntchito ya bungwe la Saide la ku South Africa, pomwe nkhani za zithunzi za m'Chinyanja zimawerengedwa kwaulere pafoni. Zimenezo n'zothandiza, ngakhale foni ndi mabando si za pakhomo lililonse.

Ine ndikuona kuti tisadikire mabuku ochokera kutali. Chipewa cha mlaza tili nacho, apusi tili nawo, kalulu ndiye wathu kuyambira kale. Aphunzitsi a magiredi oyamba m'boma la Chadiza, pezani wophunzira wodziwa kujambula, mutenge nthano imodzi kwa agogo a m'mudzi, muilembe pamapepala khumi, musoke ndi ulusi, ana ayambe kuwerenga temu ino.